AONETSE CHIPHASO ASANAGWIRE PHAZI LANU

Ndabweranso ine mwana wa msodzi, wokonza mainjini a maboti uja. Uthengawu ndi wautali koma mulibe vidiyo, sukudyerani bandulo. Werengani mpaka pansi musanayambe kundilalatira.

Nkhani ndi ya anthu amene ayamba kuzungulira m'madoko ndi m'misika atanyamula kachikwama, n'kumadzitchula kuti madokotala a mapazi. Amachotsa zikhadabo zolowa m'mnofu, amapala zikang'a, amatumbula zotupa, amabaya jakisoni, ena mpaka amadula mnofu pachilonda chimene chakana kupola. Ukawafunsa pepala amati anaphunzira ku Joni, kapena anagwirapo ntchito pachipatala china chake, koma mapepala anapita ndi madzi osefukira. Ndiye pamagulu athu omwe ano a WhatsApp pali anthu akuwaikira kumbuyo. Akuti zofunsa ziphaso ndi nsanje ya anthu ophunzira. Akuti munthu musiyeni adye thukuta lake, dzikoli lavuta kale. Ine ndikukana, ndipo ndikana mokweza. Munthu wofuna kugwira mpeni paphazi la mnzake n'kulandira ndalama ayambe waonetsa chiphaso cha Medical Council of Malawi. Alibe, abwerere ndi kachikwama kake.

Tiyambe ndi phazi lenilenilo, chifukwa ambiri timalipeputsa poti limakhala m'fumbi. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Awiri onse ndi 52, pamene thupi lonse la munthu wamkulu lili ndi mafupa 206. Ndiye kuti pa mafupa anayi aliwonse amene muli nawo, limodzi lili kumapazi. Pakati pa mafupawo pamadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera kupweteka, yopyapyala, yothinana malo amodzi. Ndipo ife a kunyanja phazi ndiye munda wathu. Wokoka chilimira amaponda ndi phazi. Amayi oyanika usipa pathandala amaima tsiku lonse. Wa kabaza amene amanyamula nsomba kupita nazo kumsewu, phazi. Likapita phazi, nsima ya banja lonse yapita.

Tsono pali matenda amene amachititsa phazi kukhala chinthu choopsa kuchidula. Oyamba ndi shuga. Musaganize kuti shuga ndi wa mabwana a ku Area 43 okha. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo ambiri amayenda nawo osadziwa. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amawononga mitsempha yomvera ija, phazi limachita dzanzi. Munthu amaponda mbedza kapena munga wa kampango osamva kanthu. Amawononganso mitsempha ya magazi, ndiye magazi safika okwanira kuzala, chilonda sichipola. Achiwiri ndi khate, limene likadalipo m'maboma ena a kunyanja kuno. Nalonso limapha mitsempha yomvera, munthu n'kumapsa ndi moto kapena mchenga wa masana osadziwa. Mankhwala ake alipo aulere kuchipatala, amamwa miyezi 6 kapena 12, koma amafuna munthu wodziwa kulizindikira.

Munthu wophunzira ntchitoyi sathamangira lezala. Amayamba wayeza shuga. Amagwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kuti amve ngati magazi akugunda. Ali ndi kaulusi ka nayiloni, kofanana ndendende ndi twaini wathu wa mbedza, kamene kamapindika kakakanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10. Amakagunditsa pansi pa phazi wodwala atatsinzina, kuti aone ngati akumva. Akakayikira kuti mafinya afika pafupa amatumiza munthu kukajambulidwa. Zonsezi amachita kuti adziwe chinthu chimodzi: pano n'podula kapena ayi. Chifukwa chala chimene magazi sakufika bwino ukachicheka, wachipha. Kudula aliyense amatha, ngakhale ine ndimatha, ndimatumbula chambo ndi maso otseka. Chimene amapitira kusukulu zaka zonsezo n'kudziwa pamene sayenera kudula.

Tsopano tione ku Joni komwe amati anaphunzirako. Ku South Africa dokotala wa mapazi amatchedwa podiatrist. Amaphunzira zaka 4 pa University of Johannesburg, akamaliza amalembetsa ku bungwe la HPCSA, ndipo popanda kulembetsa kumeneko saloledwa kugwira wodwala. Dzina lake limakhala m'kaundula, nambala yake imadziwika. Ku Britain amaphunzira digiri ya zaka 3 kapena 4 n'kulembetsa ku HCPC, ndipo kudzitchula podiatrist kapena chiropodist usanalembetse ndi mlandu. Ku America ndiye koopsa: digiri yoyamba zaka 4, sukulu ya udokotala wa mapazi zaka zina 4, kenaka zaka 3 akugwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, mayeso a dziko lonse pamwamba pake, ndipo chigawo chilichonse chimapereka chiphaso chakechake. Zaka 11, abale, pa phazi lomweli timaliponda m'matopeli.

Ndiye munthu akakuuzani kuti anaphunzira ku Joni, mufunseni nambala yake ya HPCSA. Tonse tili ndi abale ku Joni, timadziwa ntchito zimene ambiri amagwira kumeneko. Ena amagwira mu saluni, kusambitsa mapazi a mabwana, kuwenga zikhadabo ndi kupaka utoto. Ndi ntchito yabwino, yodyetsa ana, sindikuinyoza. Koma kuwenga zikhadabo za munthu wabwinobwino ndi kudula chilonda cha munthu wa shuga n'zosiyana ngati kutsuka boti ndi kumasula injini.

Kwathu kuno lamulo lilipo, si la dzulo. Medical Council of Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la 1987. Ntchito yake ndi kusunga kaundula wa anthu ololedwa kuchiza: madokotala, madokotala a mano, ma clinical officer, ma medical assistant ndi ena ogwira ntchito zofanana nazo. Wofuna kulowa m'kaundulamo amaonetsa satifiketi ya sukulu yovomerezeka ndi umboni woti anamaliza nthawi yogwira ntchito pansi pa akuluakulu. Wochokera kunja amabweretsanso kalata ya bungwe la kumene ankagwira ntchito, yotsimikiza kuti sanathawe mlandu kumeneko, ndipo amayamba wagwira kaye m'chipatala chovomerezeka akuluakulu akumuona manja ake. Chiphasocho amachikonzanso chaka ndi chaka. Wofuna kutsegula chipatala chakechake amafunikanso chilolezo china, ndipo malowo amayenderedwa. Anamwino ali ndi bungwe lawo la Nurses and Midwives Council. Ogulitsa mankhwala ali pansi pa PMRA. Gauni yoyera si chiphaso. Chopimira pachifuwa cholendewera m'khosi si chiphaso, chimagulidwa. Ndipo kukolopa m'wodi zaka khumi ukuonerera madokotala sikukusandutsa dokotala, monga momwe kukwera Ilala kakhumi sikukusandutsa kaputeni.

Amene akuti ndi nsanje, tandiyankheni apa. Bwanji simunena kuti ndi nsanje pamene a Marine akuyendera boti lonyamula anthu, kuwerenga majaketi opulumutsira ndi kufunsa mapepala a woyendetsa? Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima ndi okonza mainjini ake. Ndani wa inu angakweze mkazi wake ndi ana m'sitima atamva kuti kaputeni wake mapepala anapita ndi madzi? Bambo anga amadula laisensi ya ukonde ku Fisheries. Amadandaula, inde, koma amadula, ndipo nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane amapachika ukonde. Ndiye chambo chitetezedwe ndi lamulo, koma phazi la mayi anu lisiyidwe kwa aliyense wokhala ndi lezala? Koma abale.

Ena andiuza kale kuti iwe ukuyankhula chiyani, iwenso ulibe pepala la umakaniko, unangophunzira padoko. Zoona zake, ine sukulu ndinalekera pa MSCE, ntchitoyi anandiphunzitsa ndi mdala wina pansi pa mtengo. Yamaha Enduro 15 kapena 40 ndimaimasula yonse n'kuibwezera. Koma n'chifukwa chake ndikudziwa kusiyana kwake. Makaniko akalakwitsa, injini imatsokomola, imafuka utsi, imakana kulira, mwini wake n'kubwera nayo m'mawa akutukwana. Pulagi ikapsa timagula ina. Kabuleta ikatha timaitanitsa. Pisitoni, impela, pulopela, zonse zili ndi sipeya, ngati kulibe ku Mangochi zipezeka ku Lilongwe. Tandiuzeni shopu imene amagulitsa chala cha kuphazi. Ndipo musaganize kuti ndikudzipatula. Injini ikazima pakati pa nyanja mwera uli mkati, anthu amafa. Tsiku limene boma lidzanene kuti aliyense wokonza injini ya boti lonyamula anthu akayesedwe trade test, ine ndidzakhala woyamba pamzere. Wodziwa ntchito saopa mayeso. Amene amaopa kufunsidwa mafunso ndi amene akudziwa kuti mayankho alibe.

Ndikuuzeni za munthu amene ndinakula ndikumuona. Anali siginala pa chilimira cha bambo anga, bambo wa zaka za m'ma 50, wodziwa nyanja kuposa m'nyumba mwake. Iye akayatsa nyali n'kunena kuti ponyani apa, usipa umadzaza boti. Tsiku lina anaona kuti chala chachikulu cha kuphazi chatupa, pansi pali kabala. Sankamva kupweteka, ndiye anati n'kachabechabe. Akazi awo anawatengera kwa munthu wina amene anachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale, amene aliyense ankamutchula adokotala. Anacheka ndi lezala, kufinya, kuthira ufa wa m'kapisozi, kumanga bandeji, kubaya jakisoni. Anapitako katatu, ulendo uliwonse ndalama. Palibe tsiku limene anafunsidwa ngati amakodza pafupipafupi usiku kapena ngati amamva ludzu losatha. Palibe anawayeza shuga. Patatha milungu ingapo chala chinada, fungo linayamba kumveka pakhonde. Titawanyamula kupita nawo kuchipatala cha boma anapeza shuga ali pamwamba, kuwola kwadutsa kale pakakolo. Anadula mwendo m'munsi mwa bondo kuti apulumutse moyo. Lero bamboyo amakhala pamchenga kusoka maukonde a anthu ena, mwana wawo wamkulu anasiya sukulu ali Folomu 2 n'kulowa m'boti.

Nanga adokotala aja? Anatseka kachipinda kaja usiku, tinangomva kuti aonekera padoko lina. Dzina lenileni palibe analidziwa. Mukadandaule kuti? Apa ndi pamene chiphaso chimaonekera ntchito yake. Sindikunena kuti a ziphaso salakwitsa, amalakwitsa, ndi anthu. Koma wa chiphaso ali ndi dzina m'kaundula, ali ndi nambala, ali ndi bungwe limene lingamuitane, kumufunsa, kumuimitsa kapena kumufufuta. Akudziwa kuti akachita zibwana ataya zaka zonse anavutikira kusukulu zija. Wa kachikwama alibe chotaya. Akapha phazi pano amakwera matola, mawa ali ku Chipoka akuyambiranso.

Palinso nkhani ya zida. Lezala limodzi, sizasi imodzi, anthu asanu tsiku limodzi, n'kungopukuta ndi thonje la sipiliti kapena kutsuka m'beseni. HIV imayenda m'magazi, matenda a chiwindi a hepatitis B nawonso amayenda m'magazi, ndipo timadziwa tonse mmene madoko athu alili pankhani imeneyi. Kafumbata amalowera pabala lakuda. Kuchipatala zida amaziphika m'makina otentha kwambiri, ndipo wobayidwa ndi mbedza yadzimbiri amamuona ngati akufunika katemera wa kafumbata. Kuseri kwa golosale kuli makina ati?

Tsopano ndifike pa funso limene ndi lolemera, limene sindingalizembe. Anthu akuti chabwino, wa kachikwama tamuthamangitsa, ndiye tipite kuti? Funsoli ndi loona. Wa ku Makanjira kuti akafike ku Mangochi boma ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, pamsewu umene nthawi ya dzinja mumaudziwa nokha. Msodzi akataya tsiku ataya ndalama, thiransipoti payokha, ndiye akafike akapeze mzere wautali. Komanso m'dziko muno mulibe sukulu yophunzitsa udokotala wa mapazi pawokha. Wa kachikwama amadya chifukwa pali mpata, ndipo mpatawo sanaukumbe ndi iye. N'chifukwa chake mkwiyo wanga suthera pa iye yekha. Boma ndi mabungwe a zaumoyo asangotiuza kuti musapite kwa osavomerezeka kenaka n'kukhala chete. Ukamuletsa mwana kumwa madzi a m'chithaphwi, mupatse a pamjigo.

Ndipo njira yake Malawi akuidziwa kale, si yachilendo. Kale kunalibe madokotala a mafupa okwanira, anthu othyoka ankangopola mopindika. Mu 1985 Dr Ed Blair anayambitsa maphunziro a ma orthopaedic clinical officer: kutenga ma medical assistant odziwa kale ntchito, kuwaphunzitsa za mafupa kwa miyezi 18, kuwapatsa pepala n'kuwatumiza m'zipatala za m'maboma. Mpaka lero ambiri amene amatimanga pulasitala tikathyoka ndi amenewo. Ana obadwa ndi mapazi opindika akuwongoledwa ndi njira ya Ponseti, pulasitala wosinthasintha sabata ndi sabata kenaka nsapato zapadera, ndipo Beit CURE ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 2002, yathandiza kwambiri pa ntchito imeneyi. Anzathu a ku Tanzania anali ndi pulogalamu ya Step by Step, imene Dr Zulfiqarali Abbas wa ku Dar es Salaam anaitsogolera, yophunzitsa madokotala ndi anamwino kwa masiku ochepa mmene angayezere ndi kusamalira mapazi a anthu a shuga kuti asafike podulidwa. Palibe ananena kuti poti madokotala ndi ochepa, aliyense azingodula. Anatenga anthu okhala kale m'kaundula, kuwaonjezera luso, n'kuwafikitsa pafupi ndi anthu. Chimenecho ndicho tikufuna kunyanja kuno.

Ndiye zopempha zanga ndi izi, ndipo amene muli ndi manambala a aphungu, makhansala ndi akuluakulu a zaumoyo m'maboma muwatumizire.

Choyamba, pachipatala chaching'ono chilichonse cha m'mbali mwa nyanja pakhale munthu mmodzi, kaya ndi medical assistant kaya namwino, wophunzitsidwa za mapazi, wokhala ndi kaulusi kaja ndi makina oyezera shuga amene timapepala take tilipo. Kaulusiko si galimoto, si nyumba, n'kotchipa kuposa pulagi. Kudula mwendo kumadyera boma ndalama zambiri kuposa kuyeza phazi: opaleshoni, bedi milungu ingapo, magazi, mankhwala, ndodo, kenaka banja lonse lolowa mu umphawi. KUHeS ndi Malawi College of Health Sciences ali ndi aphunzitsi, akhoza kukonza maphunziro amenewa.

Chachiwiri, Mmalawi amene anaphunziradi udokotala wa mapazi, kaya ku Johannesburg kaya ku Britain, akafuna kubwera kudzagwira ntchito kwawo, njira yake ikhale yoonekera. Zofunika zilembedwe poyera, ndalama zolipira zidziwike, nthawi yodikira idziwike. Bungwe lifunse lokha ku HPCSA kapena HCPC ngati mapepala ake ndi enieni, limuyese, limuone manja, likakhutira limupatse chiphaso msanga. Chipata chikhale cholimba kwa wabodza, chotseguka kwa weniweni. Ine sindikulimbana ndi madokotala a mapazi, ndikuwafuna, abwere ambiri. Amene ndikulimbana naye ndi wakuba dzina lawo.

Chachitatu, kaundula uja afike pafoni ya kabatani. Ngati ndimatha kuona ndalama zanga za Airtel Money kapena Mpamba ndili pakati pa nyanja, chingalephereke n'chiyani kuti ndilembe nambala ya chiphaso cha munthu, foni indiuze dzina lake ndi ntchito imene analoledwa kugwira? Mayi wa kumudzi sangakwere basi kupita ku Lilongwe kukafunsa ngati munthu wa kuseri kwa golosale ndi weniweni.

Chachinayi ndi chathu chomwe, sichifuna boma. Mafumu athu ndi a BVC, inu mumadziwa boti lililonse lachilendo limene lakocheza padoko, mumafunsa mwini wake kumene wachokera ndi ukonde umene wanyamula. Chitani chimodzimodzi ndi wobwera ndi kachikwama. Eni nyumba, musanapereke kachipinda kwa munthu woti azichiziramo anthu, onani chilolezo. Ndalama ya lendi ya miyezi itatu siingagule mwendo wa mlamu wanu.

Wina afunsa kuti nanga agogo akamachotsa tekenya ndi phini, nawonso akhale ndi chiphaso? Tisapotoze nkhani. Kuthandizana pakhomo kulipo ndipo kudzakhalapo. Mayi akazula munga paphazi la mwana wake sanadzitchule dokotala, sanalandire ndalama, ndipo bala likavuta iye yemweyo ndiye amabereka mwanayo kupita naye kuchipatala. Vuto ndi munthu amene wavala dzina loti dokotala, chifukwa dzinalo limagoneka anthu tulo. Banja limati tapita kale kwa adokotala, tidikire mankhwala agwire ntchito, pamene kuwola kukukwera. Chimene chinadya mwendo wa siginala uja si lezala lokha, ndi milungu imene inatayika akukhulupirira kuti ali m'manja mwa wodziwa. Ndipo ndinene mosapsatira, ngakhale ena akwiye: phazi lotupa la munthu wa shuga musalitemere mphini. Zikhulupiriro zanu sindikulowererani, koma bala lililonse paphazi limenelo ndi khomo la mafinya.

Kwa inu amene muli ndi shuga, kapena kholo lanu lili nawo, zochita zake si zodula. Yang'anani mapazi tsiku lililonse madzulo, pansi pomwe ndi pakati pa zala, ngati maso savutika kuona pemphani mwana akuonereni. Sambani n'kupukuta bwino, makamaka pakati pa zala pamene pamayamba linyetsu. Musayende chopanda nsapato pamchenga wotentha kapena padoko pamene pali mbedza ndi minga ya nsomba. Gwedezani nsapato musanavale, mwina mwalowa kamwala. Musawothe moto mapazi ali pafupi, musawaviike m'madzi otentha. Zikhadabo wengani mowongoka, osakumba m'mbali. Mukaona bala, thuza, kutupa, kusintha mtundu kapena fungo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale sipakupweteka. Kusapwetekako ndiye chizindikiro choopsa. Ndipo amene mwadutsa zaka 40 simunayezetsepo shuga, kayezetseni, ndi kadontho kamodzi ka magazi pachala.

Ndikudziwa kuti ena mwa anthu a zikwamawa ndi abale athu, tinaphunzira nawo, ena timapemphera nawo. Ndikudziwanso kuti ntchito kulibe, ine ndemwe anzanga a MSCE ambiri akungokhala. Koma njala yako siikupatsa ufulu wophunzirira ntchito pamwendo wa mnzako. Ngati uli ndi mtima wothandiza odwala, sukulu zilipo, za medical assistant ndi zaka 2, za clinical officer zaka 3. N'zovuta kulowa, fizi ndi yowawa, sindikukana. Tiyeni tilimbane kuti ana a asodzi apeze malo ndi thandizo m'sukulu zimenezo, nkhondo imeneyo ine ndilowa nawo. Koma yoti tizitseka maso munthu akudula anthu popanda pepala poti ndi mnzathu, imeneyo ayi.

Ndiye akadzafika padoko panu, musachite naye ndewu, musamulande katundu. Mulandireni mwaulemu, mupatseni mpando, kenaka mufunseni mafunso atatu pamaso pa anthu: dzina lanu lonse ndani, munaphunzira sukulu iti, nambala yanu ya ku Medical Council ndi iti. Weniweni atulutsa chiphaso akumwetulira, chifukwa anachivutikira. Wabodza ayamba nkhani ya madzi osefukira. Zikatero dziwitsani amfumu, a zaumoyo a m'dera lanu kapena apolisi. Safunsa anadya phula, akuluakulu ananena kale.

Amene mukutsutsa, nambala yanga mukuidziwa, ndipo pamene ndimakonzera mainjini simusowa. Bwerani tikambirane, koma mubwere ndi yankho la funso limodzi: mwendo ukadulidwa, amene mukumuikira kumbuyoyo adzalipira ndani?

Tumizani uthengawu kumagulu a m'madoko ena, makamaka kumene kuli makolo athu odwala shuga. Amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi, wa sipanala m'manja.